Sitiresi ndi kukonzeka kuphunzira pa intaneti: ofufuza akamatchula zimenezi amatanthauza chani?

Chiyambire 2020 muja nkhani ya maphunziro a pa intaneti siikutha m'manyuzi, ndipo ukati uziwerenge zonse mutu umazungulira. Lero umva zoti ophunzira a m'mayunivesite ali ndi sitiresi yoopsa chifukwa chophunzirira pa foni ndi pa laputopu, mawa umva ena akuti ayi, ophunzira ambiri akufuna makalasi a pa intaneti apitirire chifukwa amawapatsa mpata wochita zina, mkuja wina akuti vuto si intaneti koma ophunzirawo ndi amene sanali okonzeka. Ndiye umadabwa kuti kodi anthu onsewa akukamba za ophunzira omwewo? Nthawi zambiri inde ndi omwewo, kungoti chimene aliyense akuyeza ndi chosiyana, ndipo zinthu ziwiri zimene zimatchulidwa pafupipafupi, sitiresi ndi kukonzeka, zili ndi mbiri yake komanso njira zake zoyezera zimene owerenga nyuzife sitiuzidwa. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Sitiresi imene akunenayo ndi iti

Poyamba anthu a sayansi ankaiona ngati nkhani ya thupi basi. Walter Cannon wa ku Harvard ndi amene cha m'ma 1915 anafotokoza zimene zimachitika nyama kapena munthu akaopsezedwa: mtima umagunda mofulumira, shuga amachuluka m'magazi, m'mimba mumayamba mwasiya kaye kugaya chakudya, thupi lonse limakonzekera kumenyana kapena kuthawa. Kenako kunabwera Hans Selye, wobadwira ku Vienna koma ankagwira ntchito ku McGill University ku Montreal, yemwe mu 1936 analemba zimene anaona pa makoswe. Kaya awaike pozizira kwambiri, kaya awabaye mankhwala, kaya awathamangitse mpaka kulefuka, matupi awo ankasintha mofanana. Iye anati pali magawo atatu, loyamba thupi limadzidzimuka, lachiwiri limalimba n'kumapirira, ndipo zinthu zikapanda kusintha limafika gawo lachitatu pomwe mphamvu zimatheratu. Timadzi ta m'thupi timene timayendetsa zimenezi, adrenaline ndi cortisol, timachokera m'tiziwalo ting'onoting'ono tokhala pamwamba pa impso, ndipo ntchito yake ndi yabwino ndithu ngati vutolo ndi la mphindi zochepa. Zimavuta ndi pamene vutolo likukhala semesita yathunthu, chifukwa apa ndi pomwe tulo timasowa, mutu umawawa, ndipo zimene wawerenga usiku pofika m'mawa zauluka.

Koma makoswe sangatiuze chifukwa chake ophunzira awiri a kalasi imodzi, atapatsidwa asayinimenti imodzi tsiku limodzi, wina amagona tulo take bwinobwino pomwe mnzake akuchezera usiku onse mtima uli m'mwamba. Funso limeneli anadzaliyankha ndi Richard Lazarus ndi Susan Folkman mu 1984, ndipo maganizo awo ndi amene ofufuza ambiri a zamaphunziro amatsatira mpaka pano. Iwo anati munthu akakumana ndi chinthu amadzifunsa mafunso awiri, nthawi zambiri osazindikira n'komwe: kodi chimenechi chikhoza kundiwonongera zinthu? Nanga ndili nazo zondithandiza kuthana nacho? Sitiresi imabwera ngati yankho loyamba ndi inde koma lachiwiri ndi ayi. Zili ngati kunyamula katundu, kulemera kwake sikuli mu katunduyo yekha ayi, kumadaliranso mphamvu za wonyamulayo, kutalika kwa ulendo, komanso ngati pali wina womulandirako akatopa. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa tikafika pa kukonzeka paja muona kuti ndi funso lachiwiri lomweli.

Palinso ija anthu amakonda kunena yoti sitiresi pang'ono ndi yabwino, imakudzutsa kuti uwerenge. Inachokera pa kafukufuku wa Robert Yerkes ndi John Dodson wa mu 1908, wa mbewa zimene ankazigwiritsa shoko ya magetsi zikalakwitsa njira, ndipo anapeza kuti pa ntchito yovuta mbewazo zinkaphunzira msanga shokoyo ikakhala yapakatikati, osati yamphamvu kwambiri. Kunena zoona anthu anaikokera patali mfundoyi kuposa pomwe mbewa zija zinafika, komabe aliyense amene analembapo mayeso akudziwa kusiyana kwa mantha okupangitsa kutsegula buku ndi mantha okupangitsa kungoliyang'ana bukulo osaona chilichonse.

Amaiyeza bwanji

Kafukufuku wambiri amene mumamuona m'manyuzi sayeza magazi kapena malovu a munthu, amangofunsa mafunso. Fomu yotchuka kwambiri ndi Perceived Stress Scale, imene Sheldon Cohen ndi anzake anatulutsa mu 1983. Poyamba inali ndi mafunso 14, kenako inafupikitsidwa kukhala 10, ndipo ya 10 imeneyi ndi imene yafala. Imafunsa za mwezi wathawu, mwachitsanzo kuti kangati unamva kuti zinthu zofunika pa moyo wako zikukupulumuka m'manja, kangati unaona kuti mavuto aunjikana moti sungawathe. Funso lililonse umayankha kuyambira 0 mpaka 4, ndiye zonse ukaphatikiza zimathera pa 40.

Apa ndi pomwe manambala a m'manyuzi aja amafunika kuwawerenga mofatsa. Ofufuza ambiri amadula kuti 0 mpaka 13 ndi sitiresi yochepa, 14 mpaka 26 yapakati, 27 mpaka 40 yambiri. Gawo lapakatilo ndi lalikulu, moti munthu wamba amene ali ndi zochita zambiri mwezi umenewo amagweramo mosavuta, olo asakuphunzira chilichonse. Ndiye lipoti likaphatikiza apakati ndi apamwamba n'kunena kuti ophunzira ochuluka zedi ali ndi sitiresi, silikunama, koma silikutanthauzanso kuti onsewo akudwala. Fomuyi sinapangidwe kuti izipeza matenda, ndipo matenda a nkhawa kapena ovutika maganizo kwa nthawi yayitali amapimidwa ndi adokotala mwa njira zina. Chinanso, mafunso ake satchula intaneti paliponse, amafunsa za moyo wonse wa munthuyo. Wophunzira amene bambo ake akudwala, fizi sanamalize kulipira, chibwenzi chatha, apeza malikisi okwera pa fomuyi kaya akuphunzirira m'kalasi kaya pa Zoom, pulogalamu ya misonkhano ya pa vidiyo.

Maphunziro a pa intaneti ndi zimene zinachitika mu 2020 si chinthu chimodzi

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi sikunayambe ndi intaneti. M'zaka za m'ma 1840 Isaac Pitman ku England ankaphunzitsa anthu kalembedwe kachidule kudzera m'makalata, ophunzira ankatumiza ntchito yawo pa positi iye n'kuchonga n'kubweza. University of London inayamba mu 1858 kupereka madigiri kwa anthu amene sanakhaleko m'makalasi ake, University of South Africa inayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo mu 1946, ndipo Open University ya ku Britain, yokhazikitsidwa mu 1969, inkagwiritsa ntchito wailesi, TV ndi mabuku otumiza pa positi. Intaneti itabwera zinthu zinangosamukira pa kompyuta. Moodle, pulogalamu imene mayunivesite ambiri amaikapo manotsi ndi mayeso, inatuluka mu 2002 kuchokera kwa Martin Dougiamas wa ku Australia, ndipo mu 2012 kunabuka Coursera ndi edX ndi makosi awo aulere amene anthu miyandamiyanda ankalembetsa koma omaliza ankakhala ochepa, kawirikawiri osafika mmodzi pa khumi alionse.

Pali mitundu iwiri imene anthu amaisakaniza. Wina ndi woti nonse mulowe nthawi imodzi, lekichala akuyankhula inu mukumvera pa vidiyo. Winawo ndi woti zinthu zaikidwa kale, vidiyo yojambulidwa, manotsi, mafunso, aliyense amatsegula nthawi imene wapeza mpata. Woyambawo umafuna netiweki yolimba pa ola lenilenilo ndipo ikadula basi zakupita, wachiwiriwo netiweki siivuta kwambiri koma umafuna munthu wodziwa kudzikakamiza yekha popanda womuyang'anira. Sitiresi yake ndi yosiyana, ndiye lipoti limene silikunena kuti ophunzira ake ankaphunzira mwa mtundu uti lasiya chinthu chachikulu.

Kenako 2020. Pa 11 Marichi bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo pofika mu Epulo UNESCO inkanena kuti ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'mayiko oposa 190 akhudzidwa ndi kutsekedwa kwa masukulu. Kampani ya Zoom inati olowa m'misonkhano yake pa tsiku anachoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika 300 miliyoni mu Epulo 2020. Kumapeto kwa Marichi womwewo Charles Hodges ndi anzake anachenjeza kuti zimene zikuchitikazi tisazitchule maphunziro a pa intaneti, ndi kuphunzitsa kwa pangozi chabe, chifukwa kosi ya pa intaneti yokonzedwa bwino imatenga miyezi 6 mpaka 9 kuikonza isanayambe, pomwe apa malekichala anapatsidwa masiku owerengeka kuti asamutse zonse. Komanso wophunzira wa Open University anasankha yekha njira imeneyo ndipo anakonza moyo wake mogwirizana nayo, pomwe wa mu 2020 analembetsa kuti azikhala pa kampasi n'kungodzuka tsiku lina ali kunyumba, kunja kuli mliri, anthu akumwalira. Kafukufuku wochuluka wa sitiresi amene amatchulidwa mpaka lero anachitika nthawi imeneyoyo.

Kukonzeka ndiye kuti chani

Ili ndi gawo limene limasokoneza anthu ambiri chifukwa ukangomva zoti wophunzira ndi wokonzeka umaganiza kuti akunena zoti ali ndi laputopu ndi data. Kwa ofufuza ambiri si zimenezo kwenikweni. Mfundoyi inayamba kumveka mu 1998 ku Australia, pomwe Warner, Christie ndi Choy ankaona za ophunzira a m'masukulu a ntchito zamanja, ndipo anatchula zinthu zitatu: ngati munthuyo akuikonda njira imeneyi poyerekeza ndi ya maso ndi maso, ngati amadzidalira pogwiritsa ntchito makompyuta polumikizana ndi ena, komanso ngati angathe kuphunzira payekha. Mu 2010 Min-Ling Hung ndi anzake ku Taiwan anapanga fomu ya mafunso 18 imene inayesedwa pa ophunzira a ku koleji oposa 1,000, ndipo ndi imodzi mwa zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Imayeza zinthu zisanu: kudzidalira pa kompyuta ndi intaneti, kutha kudziyendetsera wekha maphunziro, kutha kudzigwira kuti usatengeke ndi zina uli pa intaneti, chidwi chofuna kuphunzira, ndi kudzidalira pofunsa kapena kupereka maganizo molemba pagulu.

Zimenezi sizinagwe kumwamba. Kudzidalira kumene akunenaku ndi mfundo ya Albert Bandura ya mu 1977, yoti chimene munthu amakhulupirira kuti angathe kuchita chimakhudza ngati ayambe n'komwe ntchitoyo komanso ngati apirire ikamavuta. Kudziyendetsera maphunziro kunatchuka ndi Malcolm Knowles m'zaka za m'ma 1970 pa nkhani ya maphunziro a anthu akuluakulu, ndipo kumatanthauza kudziwa chimene ukufunika kuphunzira, kudziikira nthawi, kufunafuna thandizo ukakanika, ndi kudziyesa wekha ngati wamvadi.

Chimene anapeza ku Taiwan kuja ndi chosangalatsa: ophunzira ankadzipatsa malikisi okwera pa zamakompyuta, pa chidwi ndi pa kulumikizana, koma otsika pa kudzigwira ndi kudziyendetsera maphunziro. Izi zikutsutsana ndi ganizo limene Marc Prensky anatchukitsa mu 2001 loti achinyamata obadwira m'nthawi ya makompyuta amazidziwa kale zonsezi mwachibadwa, ganizo limene ofufuza ambiri pambuyo pake analitsutsa. Kudziwa kutumiza mavidiyo pa WhatsApp ndi kwina, kukhala maola awiri ukuwerenga chaputala chovuta pa foni yomweyo imene mameseji akungolowa ndi kwinanso.

Koma taonani zimene fomu ya mtundu umenewu siifunsa. Siifunsa ngati foniyo ndi yako kapena mumabwerekana anthu atatu, ngati magetsi amakhalapo nthawi ya kalasi, ngati bandulo ifika kumapeto kwa mwezi, ngati pakhomo pali malo achete oti ukhalepo osatumidwa. Bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi intaneti, la ITU, linati mu 2023 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni, chomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse padziko, anali asakugwiritsabe ntchito intaneti, ndipo olo pakati pa amene ali nayo pali kusiyana kwakukulu pakati pa wokhala ndi wifi usana ndi usiku ndi wodalira kadata ka pa foni. Ndiye pali ofufuza ena amene amati kukonzeka kuziyezedwa mbali zonse, wophunzira, lekichala ndi yunivesite yomwe. Lekichala amene sanaphunzitsidwepo kuphunzitsa pa intaneti amangotenga lekicha yake ya maola awiri n'kuiwerenga pa kamera, yunivesite imene seva yake, kompyuta yaikulu yosunga zonse za pa intaneti, imagwa tsiku lopereka asayinimenti nayonso sinakonzeke, koma mafomu ambiri amapita kwa wophunzira chifukwa ndi amene amapezeka mosavuta komanso alipo ambiri. Kwa ine apa ndi pomwe mkangano wonse wagona, pa funso loti katundu uja akalemera tiyang'ane wonyamulayo kapena womusenzetsayo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka.

Nanga intanetiyo payokha imabweretsa chani

Pali zinthu zina zimene ndi za njira imeneyi yokha. Craig Brod mu 1984 analemba kale za kupanikizika kumene anthu ankakumana nako m'maofesi makompyuta atangofika, ndipo zimene ankanena sizinasinthe kwenikweni: pulogalamu yatsopano iliyonse imafuna uiphunzire, pasiwedi waiwala, fayilo ikukana kukwera kutatsala mphindi zisanu kuti atseke, lekichala uyu amaika zinthu pa Moodle, uyo pa imelo, winayo pa gulu la WhatsApp, ndiye umakhala ndi mantha nthawi zonse kuti kapena pali chimene chandidutsa.

Kutopa ndi makalasi a pa vidiyo nakonso kuli ndi zifukwa zake. Jeremy Bailenson wa ku Stanford mu 2021 anatchula zinayi: nkhope zambiri zimakuyang'ana pafupi nthawi imodzi kwa nthawi yayitali, umadziona wekha pa sikirini ngati wakhala pagalasi tsiku lonse, sungasunthe momasuka chifukwa uchoka pa kamera, ndipo ubongo umagwira ntchito yambiri kuti umve zimene m'kalasi umangoziona pa nkhope ndi pa manja a munthu osavutika. Iye mwini anazipereka ngati maganizo ofunika kuwayesa, ndipo kafukufuku amene iye ndi anzake anachita pambuyo pake anaonetsa kuti akazi ankanena kuti amatopa kwambiri kuposa amuna.

Kwinako ndi kusungulumwa, kumene sikumveka ngati nkhani ya maphunziro koma ndi yomweyo. Michael Moore, katswiri wa maphunziro a patali, kuyambira m'ma 1970 ankanena kuti mtunda umene umavuta si wa makilomita koma wa kumvana pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira, ndipo umakula kukambirana kukachepa. Pa kampasi lekicha ikatha umamufunsa mnzako pakhomo kuti iwe unamva zimene amanena zija, iye n'kuti ayi nanenso sindinamve, ndipo mtima umatsika chifukwa wadziwa kuti si iwe wekha. Pa intaneti kalasi ikatha sikirini imangoti zii, umatsala wekha ndi maganizo oti mwina ena onse amva kupatula iwe. Onjezeranipo mayeso amene pulogalamu imakuyang'anira pa kamera, kuti ukangoyang'ana kumbali kapena netiweki ikadula ukhoza kuganiziridwa kuti ukubera.

Komatu kumbali inayi zilipo zimene intaneti imachotsa. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wopita ku kalasi palibe, vidiyo ukhoza kuibwereza kangapo pamene sunamve, zomwe lekichala wa m'kalasi sangakuchitire, wamanyazi amene sangakweze dzanja pagulu la anthu 200 amatha kulemba funso lake, ndipo amene ali pa ntchito, amene akulera ana, kapena olumala amene masitepe a pa kampasi amawavuta, ambiri mwa iwo njira imeneyi ndi imene inawatsegulira khomo. N'chifukwa chake malipoti awiri otsutsana aja akhoza kukhala oona onse.

Chimayambitsa chinzake ndi chiti

Kafukufuku wambiri amapeza kuti ophunzira amene amadziona okonzeka amanenanso kuti sitiresi yawo ndi yocheperako, ndipo malinga ndi mfundo ya Lazarus ndi Folkman ija izi sizodabwitsa, pajatu kukonzeka ndi yankho la funso lachiwiri lija loti kodi ndili nazo zondithandiza. Vuto ndi loti kafukufuku wotereyu nthawi zambiri amafunsa mafomu onse awiri tsiku limodzi kwa munthu mmodzi, ndiye sangatiuze chimene chinayamba. Zikhoza kutheka kuti kusakonzeka ndi kumene kumabweretsa sitiresi. Zikhozanso kutheka kuti munthu amene wapanikizika kale, sakugona, amadziona wolephera pa chilichonse, ndiye ukamufunsa ngati amatha kusunga nthawi ayankha kuti ayi olo chaka chatha ankatha bwinobwino. Kapenanso pali chachitatu chimene chikukoka zonse ziwiri, monga umphawi, umene umamulanda munthu laputopu n'kumupatsanso nkhawa ya fizi nthawi imodzi.

Palinso kachinthu kena kooneka kakang'ono koma kamasintha zotsatira. Mafomu ambiri a nthawi ya mliri ankatumizidwa pa intaneti pomwepo, linki pa imelo kapena pa gulu la kalasi. Ndiye amene analibiretu netiweki, amene data inawathera, amene anasiya sukulu mwakachetechete, sanayankhe n'komwe, kutanthauza kuti anthu amene kafukufukuyo amafuna kuwamva kwambiri ndi amene akusowa m'manambalamo. Komanso mafomu onsewa ndi oti munthu adziyeze yekha, ndipo pali ena amadzikweza, ena amadzitsitsa, ena amangoyankha zimene akuganiza kuti yunivesite ikufuna kumva. Izi sizikutanthauza kuti kafukufukuyo ndi wachabe ayi, kungoti amatiuza mmene ophunzira amene anayankha ankadzionera pa tsikulo, osapitirira apo.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi loti pa sitiresi yonse imene inayezedwa mu 2020 ndi 2021, yochuluka bwanji inali ya intaneti ndipo yochuluka bwanji inali ya mliri weniweniwo, maliro, kutsekeredwa m'nyumba ndi makolo kuchotsedwa ntchito. Kuti zisiyanitsidwe pamafunika kuyerekeza ophunzira ofanana, pa kosi imodzi, ena m'kalasi ena pa intaneti, pa nthawi ya mtendere, ndipo izi ndi zovuta chifukwa amene amasankha okha za pa intaneti amakhala kale osiyana ndi anzawo, ambiri ndi okulirapo komanso apantchito.

Kenako pali funso loti kukonzeka kumaphunzitsika kapena ayi. Zamakompyuta aliyense amavomereza kuti munthu akhoza kuzidziwa m'masabata ochepa, koma kudzigwira ndi kusunga nthawi bwanji? Ku Taiwan kuja a zaka zomaliza ankaoneka okonzeka kuposa ongoyamba kumene pa mbali zingapo, koma kodi ndi chifukwa anaphunzira m'kupita kwa nthawi, kapena osakonzekawo anagwa kale m'njira n'kutsala olimba okhaokha? Ndipo ngati yunivesite yamuyeza munthu n'kupeza kuti sanakonzeke, imuthandize, imuchenjeze, kapena imuletse kulembetsa? Ena amati kumuletsa ndi kumuteteza kuti asataye ndalama ndi chaka, ena amati ndi kutseka khomo kwa anthu omwewo amene maphunziro a patali anayambira.

Za kamera nazonso sizinagwirizanidwe. Malekichala ambiri amati kuphunzitsa timabokosi takuda n'kovuta ndipo sadziwa ngati kuseriko kuli munthu, ophunzira ena amati kuyatsa kamera kumadya data komanso kumaonetsa kalasi yonse mmene kunyumba kwawo kulili. Pa mayeso mkangano unakula ChatGPT, pulogalamu imene imatha kukulembera mayankho, itatuluka mu Novembala 2022, chifukwa mayunivesite ena anabwerera ku mayeso olemba pamanja m'holo, ena anawonjezera mapulogalamu oyang'anira, ena anasintha mtundu wa mafunso, ndipo njira iliyonse ili ndi sitiresi yake kwa wophunzira.

Ndiye palinso njira yosakaniza, masiku ena pa kampasi masiku ena pa intaneti, imene mayunivesite ambiri atsalira nayo. Oikonda amati imatenga zabwino za mbali zonse ziwiri. Oikayikira amati wophunzira wosauka tsopano akufunika zonse, ndalama yoyendera kapena ya hositelo komanso laputopu ndi data, ndiye kwa iyeyo kodi zapepuka kapena zawirikiza? Ndipo data, chipangizo ndi malo owerengera zikakhala mbali ya sukulu ngati mmene zilili desiki ndi layibulale, woyenera kulipira ndani, wophunzira, yunivesite kapena boma?